Alan Kulwicki

Alan Dennis Kulwicki (14 Disembala 1954 – 1 Epulo 1993) anali dalaivala wa galimoto za mpikisano wa ku United States, yemwenso anali mwini wake wa timu imene ankaithamangira. Amadziwika kwambiri chifukwa chotenga ukatswiri wa NASCAR Winston Cup mu 1992. Mwini wa chikhochi anadziwika pa mpikisano womaliza wa chakacho ku Atlanta, pomwe Kulwicki anaposa Bill Elliott ndi mapointi 10 okha. Iye anapambana ali ndi timu yaing'ono ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi anzake, atakana kawiri konse kukalowa ntchito ku timu yolemera ya Junior Johnson. Anamwalira pa ngozi ya ndege pasanathe miyezi isanu chitengereni chikhocho, ali ndi zaka 38.

Masewera amene ankachita

NASCAR ndi bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo limayendetsa mipikisano ya galimoto zotchedwa stock car. Kunja kwake galimotozi zimaoneka ngati zoyenda mumsewu za Ford kapena Chevrolet, koma m'kati mwake muli mpando umodzi, injini yamphamvu kwambiri ndi zitsulo zowotcherera zoteteza dalaivala pa ngozi. Mipikisano yambiri imachitikira pa mabwalo ozungulira ooneka ngati dzira, ofanana ndi njira ya othamanga imene imazungulira bwalo la mpira. Galimoto zonse zimalowera mbali imodzi ndipo zimangokhotera kumanzere. M'makona msewu umakhala wopendekeka kuti galimoto isataye njira ikamakhota pa liwiro lalikulu.

M'masiku a Kulwicki chikho chachikulu chinkatchedwa Winston Cup, potengera dzina la ndudu za kampani ya R. J. Reynolds imene inkaikamo ndalama. Katswiri ankapezeka monga momwe zimakhalira mu ligi ya mpira: mapointi a chaka chonse ankaphatikizidwa. Mu 1992 munali mipikisano 29, kuyambira Febuluwale mpaka Novembala. Wopambana ankalandira mapointi 175, wachiwiri 170, wachitatu 165, n'kumatsika choncho. Aliyense amene watsogolako ngakhale ulendo umodzi wozungulira bwalo ankawonjezeredwa mapointi 5, ndipo amene watsogola maulendo ochuluka kuposa onse ankawonjezeredwanso ena 5. Lamulo lomalizali ndi limene linagamula ukatswiri wa 1992.

Ubwana ndi maphunziro

Kulwicki anakulira ku Greenfield, pafupi ndi mzinda wa Milwaukee m'chigawo cha Wisconsin, kumpoto kwa United States. Makolo ake akale anachokera ku Poland. Bambo ake, a Gerry Kulwicki, anali makaniko odziwika opanga mainjini a galimoto za mpikisano, ndipo anagwirapo ntchito ndi madalaivala Norm Nelson ndi Roger McCluskey.

Ubwana wake unali wa maliro otsatizana. Mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo banja linakakhala ndi agogo ake aakazi. Agogowo anamwalira iye ali mu giredi 7, ndipo patangotha chaka mchimwene wake mmodzi yekhayo anamwaliranso ndi matenda okhudzana ndi vuto la magazi osaundana. Anthu amene analemba za moyo wake amati izi ndi zina mwa zimene zinamuchititsa kukhala munthu wodzidalira, wosafulumira kukhulupirira anzake.

Anayamba kuthamangitsa tigalimoto ting'onoting'ono totchedwa kart ali ndi zaka 13. Popeza bambo ake ankakhala pa ulendo nthawi zambiri, mnyamatayu anazolowera kukonza yekha chilichonse. Anaphunzira ku sekondale ya Akatolika ya Pius XI ku Milwaukee, kenako ku University of Wisconsin–Milwaukee komwe analandira digiri ya uinjiniya wa makina mu 1977. Pa nthawiyo madalaivala ambiri a NASCAR ankaphunzirira ntchito m'galaja, ndipo wa digiri anali wosowa. Maphunzirowa anamuthandiza kumvetsa ndi masamu momwe kulemera kwa galimoto, masipuling'i ndi matayala zimagwirira ntchito pa kona.

Mabwalo aang'ono a ku Wisconsin

Akadali pa sukulu, anayamba kupikisana pa mabwalo aang'ono a kwawo. Mu 1973 anasankhidwa kukhala dalaivala watsopano wochita bwino kuposa onse pa bwalo la dothi la Hales Corners Speedway. Atasamukira ku mabwalo a tara, anatenga ukatswiri wa Slinger Super Speedway mu 1977, komanso wa Wisconsin International Raceway mu 1979 ndi 1980. Atamaliza maphunziro anagwirako ntchito ya uinjiniya masana n'kumathamanga usiku ndi kumapeto kwa sabata, mpaka anaisiya ntchitoyo kuti aike mtima wonse pa mpikisano. Kenako analowa mipikisano ya bungwe la American Speed Association, komwe anadziwana ndi Rusty Wallace, amene anadzakhala mnzake komanso wopikisana naye mu NASCAR.

Kusamukira kumwera

Likulu la matimu a NASCAR lili m'dera lozungulira mzinda wa Charlotte ku North Carolina, ndipo masewerawa ankatengedwa ngati a anthu a kumwera. Mu 1985 Kulwicki anagulitsa pafupifupi katundu wake yense kuti asamukire kumeneko. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, galimoto yake ya pikiapu inapsa chifukwa cha mawaya a magetsi, moti anachita kubwereka ina yokokera ngolo ya zipangizo zake. Chaka chomwecho anathamanga mipikisano isanu ya Winston Cup m'galimoto ya Bill Terry.

Pakati pa chaka cha 1986, Terry anasiya kulipirira timuyo ndipo Kulwicki anaigula. Apa ndi pomwe inayambira timu ya AK Racing. Inali ndi galimoto imodzi, mainjini awiri ndi antchito okhazikika awiri basi, pomwe matimu akuluakulu anali ndi galimoto zambiri ndi amakaniko makumimakumi. Kulwicki anali dalaivala, mwini timu, mkulu wa amakaniko komanso wofunafuna makampani oti amuthandize. Ngakhale zinali choncho, anathamanga mipikisano 23 mwa 29 ndipo analandira mphoto ya dalaivala watsopano wochita bwino kuposa onse m'chakacho. Mu 1987 anapeza thandizo la Zerex n'kuyamba kugwiritsa ntchito nambala 7, imene anakhala nayo mpaka imfa yake. Mu 1988 analemba ntchito Paul Andrews ngati mkulu wa amakaniko, atamulozeredwa ndi Wallace.

Chipambano choyamba

Pa 6 Novembala 1988 chikho cha Winston Cup chinafika koyamba pa bwalo la Phoenix International Raceway ku Arizona. Ricky Rudd ndiye ankatsogola, koma injini yake inafa chakumapeto, ndipo Kulwicki anapambana koyamba mu Winston Cup.

Atadutsa mzere womalizira, anatembenuza galimoto n'kuzungulira bwalo molowera kosiyana ndi komwe mpikisano umalowera. Chiwongolero cha galimoto za ku America chimakhala kumanzere, mosiyana ndi za kuno ku Malawi, choncho pa mpikisano dalaivala amakhala mbali ya m'kati mwa bwalo, kutali ndi owonerera. Pozungulira chobwerera, zenera lake linayang'anizana ndi anthu ndipo anatha kuwabayibitsa akuonana nawo maso ndi maso. Kuzungulira kotereku anakutcha Polish victory lap, kutanthauza ulendo wa chipambano wa Chipolishi, ponyadira kumene makolo ake anachokera komanso poseka nthabwala zimene Aamerika ankanena zoti anthu a ku Poland amachita zinthu chobwerera.

Kukana ntchito kwa Junior Johnson

Junior Johnson anali mmodzi mwa eni matimu amphamvu kwambiri, yemwe anali atatenga kale ukatswiri kasanu ndi kamodzi ndi madalaivala Cale Yarborough ndi Darrell Waltrip. Pokonzekera chaka cha 1990, Johnson anaitana Kulwicki kuti adzayendetse galimoto yake. Kulwicki anakana, chifukwa ankafuna kupambana ndi timu yakeyake. Mu Okutobala 1990 anapambana kachiwiri, pa bwalo la Rockingham, ndipo anamaliza chakacho pa nambala 8.

Kumapeto kwa chaka chomwecho Zerex inasiya kumuthandiza. Johnson anabweranso ndi malipiro a madola 1 miliyoni, koma Kulwicki anakananso poganiza kuti wagwirizana kale ndi kampani ya khofi ya Maxwell House. Mapeto ake Maxwell House inapita kwa Johnson yemweyo, ndipo Kulwicki analowa chaka cha 1991 wopanda kampani yomuthandiza, akulipira zonse kuchokera m'thumba mwake. Ambiri anaona ngati wadziphera yekha tsogolo.

Mwayi unabwera mu Malichi 1991 ku Atlanta. Kulwicki anathamanga kuposa onse pa mayeso a liwiro n'kupeza malo oyambira kutsogolo, pomwe dalaivala amene ankathandizidwa ndi malesitilanti a Hooters, Mark Stahl, analephera kulowa nawo mpikisano. Akuluakulu a Hooters anagwirizana ndi Kulwicki za mpikisano umodzi wokha. Iye atamaliza pa nambala 8, mgwirizanowo unasanduka wokhalitsa. Mu Ogasiti chaka chomwecho anapambana kachitatu, pa bwalo la Bristol.

Khalidwe lake pa ntchito

Kulwicki ankadziwika ngati bwana wovuta. Ankafuna chilichonse chiyezedwe ndi kulembedwa, ankagwira ntchito mpaka usiku, ndipo amakaniko ambiri sankakhalitsa kwa iye. Ray Evernham, yemwe pambuyo pake anatchuka ngati mkulu wa amakaniko a Jeff Gordon, anangokhalako masabata owerengeka kumayambiriro kwa 1992 n'kuchoka atasemphana naye. Anthu ankamuona akuyenda m'galaja atavala yunifolomu ya mpikisano, chikwama cha mapepala chili m'manja ngati wa mu ofesi. Anali Mkatolika wolimbikira, ndipo m'galimoto yake munkakhala mendulo ya Kristofa Woyera. Pa yunifolomu yake ankaikapo chithunzi cha Mighty Mouse, kambewa ka m'makatuni kogonjetsa zinthu zazikulu kuposa iko. Sanakwatirepo.

Chaka cha 1992

Kumayambiriro kwa 1992 anthu ankangokamba za madalaivala awiri. Davey Allison wa timu ya Robert Yates anapambana Daytona 500, ndipo Bill Elliott, yemwe tsopano ankayendetsa galimoto nambala 11 ya Junior Johnson, anapambana mipikisano inayi yotsatizana. Kulwicki anapambana iwiri yokha, ku Bristol mu Epulo ndi ku Pocono mu Juni, koma ankamaliza pabwino kawirikawiri.

Mu Seputembala anachita ngozi pa bwalo la Dover, ndipo anatsalira ndi mapointi 278 kumbuyo kwa Elliott kutatsala mipikisano isanu ndi umodzi. Iye mwini anavomera kuti chiyembekezo chatha. Koma m'masabata otsatira galimoto ya Elliott inayamba kuvutavuta, pomwe Kulwicki ankamaliza m'gulu la kutsogolo. Allison atapambana ku Phoenix pa mpikisano wachiwiri kwa womaliza, anakwera pamwamba pa ndandanda. Kulwicki anali wachiwiri, kutsalira ndi mapointi 30, ndipo Elliott wachitatu, kutsalira ndi 40. Harry Gant, Kyle Petty ndi Mark Martin nawonso anali akadali ndi mwayi, moti anthu asanu ndi mmodzi anafika pa tsiku lomaliza aliyense angathe kutenga chikho.

Mpikisano wa Hooters 500

Mpikisano womaliza unachitika pa 15 Novembala 1992 pa Atlanta Motor Speedway ku Hampton, m'chigawo cha Georgia. Bwaloli pa nthawiyo linali la makilomita 2.45, ndiye kuti kulizungulira katatu kunali pafupifupi ngati kuchoka pakati pa Blantyre kukafika ku Limbe. Galimoto zinayenera kuzungulira maulendo 328, omwe ndi makilomita pafupifupi 800, mtunda woposa wochokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, ndipo zinaumaliza pasanathe maola anayi. Tsikuli linalinso lotsanzikana ndi Richard Petty, yemwe anatenga ukatswiri kasanu ndi kawiri, komanso loyamba la Jeff Gordon mu Winston Cup.

Galimoto ya Kulwicki inali Ford Thunderbird. Atapempha chilolezo kwa Ford ndi NASCAR, anafufuta zilembo ziwiri zoyambirira za dzinali pa bampala ya kutsogolo kuti liziwerengeka Underbird. Ankaseweretsa mawu a Chingerezi onena za munthu wonyozeka amene palibe akumuyembekezera kupambana.

Vuto linayamba msanga. Atayima koyamba kuti asinthe matayala ndi kuthira mafuta, giya yoyamba inathyoka ponyamuka. Amakaniko anachita kuikankha galimotoyo, ndipo kuchokera apo anayenda ndi giya yachinayi yokha. Pa liwiro la m'bwalo izi sizinkasokoneza, chifukwa giya yachinayi ndi imene imagwira ntchito, koma nthawi iliyonse akayima ankachedwa kunyamuka. Ngakhale zinali choncho, galimotoyo inali yothamanga ndipo anakwera mpaka kutsogolo.

Allison ankangofunika kumaliza pa nambala 5 kapena kuposera apo kuti chikho chikhale chake, ndipo kwa nthawi yaitali anali pamalo abwino. Pa ulendo wa 254, tayala la galimoto ya Ernie Irvan linaphulika, galimotoyo n'kuzungulira patsogolo pake penipeni. Allison analibe kothawira ndipo anaiwomba. Anadzamaliza pa nambala 27. Martin anali atatuluka kale injini itafa, ndipo Gant ndi Kyle Petty anali atatsalira. Nkhondo inatsala ya anthu awiri, Kulwicki ndi Elliott, yemwe ankayendetsa galimoto imene Kulwicki anaikana.

Apa masamu ndi amene analamula. Kulwicki ankaposa Elliott ndi mapointi 10. Elliott akanapambana n'kutsogolanso maulendo ochuluka, akanapeza mapointi 185, ndipo Kulwicki pa nambala 2 akanapeza 175. Awiriwa akanafanana mapointi, ndipo chikho chikanapita kwa Elliott chifukwa chopambana mipikisano yambiri m'chakacho. Choncho Kulwicki sankafunika kupambana mpikisanowo. Chimene ankafunika chinali mapointi 5 a wotsogola maulendo ochuluka, kenako kumaliza pambuyo pa Elliott penipeni.

Onse awiri ankayenera kuyimanso kamodzi kuti awonjezere mafuta. Kulwicki, yemwe ankatsogola, ankakambirana ndi Andrews pa wailesi akuwerengera maulendo, ndipo anachedwetsa dala kuyima kwake mpaka atamaliza ulendo wa 310, mafuta atatsala pang'ono kutheratu. Atayima sanasinthe matayala. Anangothira mafuta kwa masekondi osakwana anayi n'kukankhidwa kubwerera m'bwalo. Elliott anayima patapita maulendo ochepa, ndipo pa kusinthanaku Terry Labonte anatsogolako ulendo umodzi umene Elliott akanautenga. Powerengera pamapeto, Kulwicki anatsogola maulendo 103, Elliott 102.

Maulendo otsalawo anali a nkhawa, chifukwa amakaniko sankadziwa ngati mafuta amene analowa anali okwanira. Anamuuza kuti achepetse liwiro, asalimbane ndi Elliott, koma asalole wachitatu kumupitirira. Elliott anapambana mpikisanowo ndipo Kulwicki anamaliza wachiwiri. Aliyense anapeza mapointi 180 pa tsikulo, moti chaka chinatha Kulwicki ali ndi 4,078, Elliott 4,068. Kulwicki anakondwerera pozunguliranso bwalo chobwerera, monga anachitira ku Phoenix. Anakhala katswiri woyamba wa chikhochi wokhala ndi digiri ya ku yunivesite, komanso woyamba wobadwira kumpoto kuchokera pa Bill Rexford mu 1950.

Imfa yake

Madzulo a pa 1 Epulo 1993, Kulwicki ankachokera ku Knoxville komwe anakakumana ndi omutsatira pa lesitilanti ya Hooters, ndipo ankapita ku Bristol kukathamanga kumapeto kwa sabatayo. Ndege yaing'ono ya mtundu wa Swearingen Merlin III imene anakwera inagwa pafupi ndi Blountville ku Tennessee, ikukonzekera kutera pa bwalo la ndege la Tri-Cities. Anthu onse anayi anafera pomwepo: Kulwicki, Mark Brooks yemwe anali mwana wa mkulu wa Hooters, Dan Duncan, ndi woyendetsa ndegeyo Charles Campbell. Bungwe la boma lofufuza ngozi, National Transportation Safety Board, linapeza kuti mainjini anazima chifukwa cha madzi oundana, woyendetsa atalephera kugwiritsa ntchito moyenera zipangizo zotetezera ku vutoli.

M'mawa mwake, kukugwa mvula, lole yonyamula galimoto ya nambala 7 inazungulira bwalo la Bristol pang'onopang'ono isanatuluke, matimu ena ataima chete m'mbali. Rusty Wallace anapambana mpikisano wa sabata imeneyo ndipo anazungulira bwalo chobwerera pokumbukira mnzakeyo. Kulwicki anaikidwa m'manda a St. Adalbert ku Milwaukee. Mu Julaye chaka chomwecho Davey Allison nayenso anamwalira pa ngozi ya helikopita ku Talladega. Pa mpikisano womaliza wa 1993 ku Atlanta, Wallace ndi katswiri wa chakacho Dale Earnhardt anazungulira bwalo chobwerera limodzi, atanyamula mbendera za nambala 7 ndi 28, manambala a anzawo awiriwo. Timu ya AK Racing inagulidwa ndi dalaivala Geoff Bodine.

Chikumbutso chake

Mu Winston Cup, Kulwicki anathamanga mipikisano 207, anapambana isanu, ndipo anayambira pa malo oyamba maulendo 24. Mu 1998 NASCAR inamuika pa mndandanda wa madalaivala 50 opambana m'mbiri yake. Analowetsedwa mu International Motorsports Hall of Fame mu 2002 ndi mu NASCAR Hall of Fame mu 2019. Ku Greenfield kuli paki ya dzina lake, ndipo pa bwalo la Bristol pali malo okhala owonerera otchedwa Kulwicki. University of North Carolina at Charlotte ili ndi labotale ya uinjiniya wa galimoto za mpikisano ya dzina lake, ndipo lero timu iliyonse yaikulu ya NASCAR imalemba ntchito mainjiniya, chinthu chimene m'masiku ake chinkaoneka chachilendo.

Hooters 500 ya 1992 imatchulidwa kawirikawiri ngati umodzi mwa mipikisano yopambana m'mbiri ya NASCAR. M'zaka zambiri zotsatira, katswiri ankadziwikiratu mpikisano womaliza usanafike, ndipo chidwi cha owonerera chinkachepa chakumapeto kwa chaka. Mu 2004 NASCAR inayambitsa dongosolo lotchedwa Chase, lomwe linkasankha madalaivala a pamwamba n'kuwayandikizanso mapointi kutatsala mipikisano 10. Mu 2014 dongosololi linasinthidwa kukhala la chipulula, loti ena azitsika m'ndime iliyonse mpaka patsale anayi olimbirana chikho pa tsiku lomaliza. Zimene malamulowa ankafuna kubweretsa zinachitika zokha mu 1992, pa mapointi a chaka chonse.

Kusiyana kwa mapointi 10 kunakhala kochepetsetsa m'nyengo yamakono ya chikhochi mpaka 2004, pomwe Kurt Busch anapambana ndi mapointi 8. Mu 2011 Tony Stewart ndi Carl Edwards anamaliza chaka atafanana mapointi, ndipo Stewart anatenga chikho chifukwa chopambana mipikisano yambiri, lamulo lomwe lija Kulwicki analizemba ndi ulendo umodzi ku Atlanta. Stewart, yemwe anali ndi gawo la umwini mu timu ya Stewart-Haas Racing, ndiye anakhala woyamba kuchokera pa Kulwicki kutenga ukatswiriwu akuyendetsa galimoto ya timu yake.